Kumangidwa kwa Mayi Mwiche Sakala pa Chilanga Mulilo

Ine, Dingani Kamanga, wazaka 44, wokhala ku Mtendere, mphunzitsi wa masamu kusekondale, ndikunena izi. Sindili m'chipani chilichonse, ndipo ndikupempha kuti zimenezi zilembedwe.

Loweruka m'mawa tinanyamuka kunyumba kwa mchemwali wanga ndi chilanga mulilo, mwambo wopereka zakudya kwa mkwati. Ine ndinali nkhoswe. Amayi anasenza mapoto okutidwa ndi zitenje, ng'oma zikulira. Patsogolo panali mlangizi wa mkwatibwi, Mayi Mwiche Sakala, amenenso amatsogolera amayi a chipani chotsutsa m'dera lathu. Chaka chino amangidwa kale kawiri.

Titadutsa msika, galimoto ya polisi inatitsekereza. M'menemo munali Victor, mnyamata wa chipani cholamula. Analoza Mayi Sakala nati: "Ni aba, bwana. Bayambanso vamisonkhano."

Ndinauza wapolisi wina wamtali kuti unali mwambo wa ukwati. Ndinabwereza. Anayankha kuti gulu loyenda ndi ng'oma lifunika chilolezo. Anamanga Mayi Sakala okha, natenga poto yawo ngati umboni. Sindinamve nyimbo ya ndale. Mbendera sindinaione.

Pamwambowu zakudya sizibwerera kunyumba, ndipo wovundukula ndi mlangizi yekha. Choncho amayi onse anatsatira galimotoyo mpaka kuno kupolisi, nakhala pansi pageti, mapoto ali pamiyendo. Sanatseke msewu. Ndinaonetsetsa ndekha.

Cha m'ma 12 koloko anandiimbira foni Bambo Rex Mulenga, amalume a mkwati, amenenso ndi wapampando wa chipani cholamula m'dera lathu. Anati alendo atopa kudikira. Ndinawauza kumene tinali. Anabwera ndi mkwati, tayi ili m'khosi.

Ataona Victor, Bambo Mulenga anati: "Iwe, wamangitsa nkhuku za mwana wanga?"

Victor anati sanadziwe kuti gululo linkapita kwa iwo.

Mayi Sakala anayankha ali m'chitokosi: "Ba Chairman, nanga vikanakhala vopita kwa wina?"

Bambo Mulenga analowa kwa mkulu wa polisi. Atatuluka, chitokosi chinatsegulidwa. Mayi Sakala anakana kutuluka mpaka atauzidwa pamaso pa anthu kuti alibe mlandu. Mkulu wa polisi ananena mawuwo pakhonde. Amayi anaimba nthungululu.

Wapolisi wamtali uja anabweretsa poto. Mayi Sakala sanailandire m'manja. Anawerama, iye anawasenzetsa.

Zomwe ndikudziwa ndi zimenezi. Ndawerenga kawiri ndisanasaine.

Siginecha: D. Kamanga