Mkaka wa Openta Maboti

Podikirira lole yopita ku Makanjira, mayi Enid ankakupiza amuna awo a Rowland, amene chifuwa chinkangolira ngati kamwana ka mphaka. Bambo wina wapaulendo anayandikira.

"Mayi, ndi mphumu imeneyi?"

"Mphumu ya kuntchito, bambo. Amapopera penti maboti m'shedi, mawindo otseka kuti fumbi lisadetse boti."

"Sawapatsa chotchinga kumphuno?"

"Amawapatsa kapu ya mkaka, ati umatsuka m'chifuwa. Mkaka umalowa m'mapapo kodi?"

"Tsitsani mawu," ananong'ona a Rowland, "a Yufi, eni shedi, ali apo."

"Abwere, khadi la kuchipatala ndili nalo! Dzulo amuna anga anawachotsa ntchito, ati akatsokomola dzanja limagwedezeka, boti silioneka bwino. Boti likabooka amalimata. Nanga awa ndikawamatitse kwa ndani?"