Tiyi wa Abwana Tinamuthira Nsinjiro

Pa siteji ya Mkanda, a Jobson, mkulu wa imvi, anatulutsa kachitini ka zilembo za Chitchaina n'kuonetsa dalaivala wina wa thiraki amene ankadikira naye galimoto.

"Achimwene, inu mumayenda. Masamba a m'kachitini aka amagulitsa kuti?"

"Ameneyu ndi tiyi wobiriwira, madala. Mwina ku Lilongwe. Mwamutenga kuti?"

"Mwana wanga Lonjezo amagwira ntchito kwa Mtchaina. Abwana akewo anatitumizira ngati mphatso. Mayi akunyumba atatsegula anaona masamba ouma, anati ndi mfutso. Anaphika, n'kuthira nsinjiro."

"Yense?"

"Yense. Tsono dzulo mwana waimba foni kuti abwana akubwera Lamlungu, akufuna tidzamwere limodzi tiyi yemweyo."

"Apo pavuta. Ine ndawanyamulirapo katundu anthu amenewa. Kwawo tiyi ndi ulemu. Amathira madzi otentha basi, shuga ayi, mkaka ayi, ndipo amene wamwa nawe ndiye kuti wakuyesa munthu."

"Kapena akudzatiyesa dala. Munthu wolemera angayende fumbi lonseli chifukwa cha madzi otentha? Ndikawapatsa tiyi wathu wa pagolosale sangazindikire?"

"Adzazindikira asanalawe n'komwe."

"Ndiye ntchito ya mwana wanga yathera mu mphika. Zaka zinayi anakhala pakhomo, satifiketi ili m'sutikesi."

"Kangowauzani zoona, mwina adzaseka. Koma madala, ndiwozo zinakoma?"

"Kuwawa ngati kwinini. Koma tinamaliza zonse, kuopa kunyoza mphatso ya abwana."