Mpunga wa Anthu Khumi Pamwamba pa Phiri

A wailesi, muwawerengereko anzanga iyi. Ndine mayi wa ku Braunstone, ku Leicester.

Bambo akunyumba anaitanidwa ndi azungu anzawo a kuntchito kukakwera phiri ku Wales, kukaona kanyanja kamene kali pamwamba pake. Anandiuza kuti, "Amayi, tisakachite manyazi. Phikani chokwanira onse."

Ndinaphika mpunga ndi nkhuku ziwiri. Galimoto inatsala m'munsi mwa phiri. Ndinabereka mwana, n'kusenza chakudyacho m'kulabokosi, maola atatu pamiyala yoterera. Bambowo anali patsogolo, manja m'thumba, akucheza.

Kanyanjako n'kokongola ndithu, koma khosi langa linali litauma gwa. Nditavundukula chakudya, aliyense anatulutsa kasangweji kake m'chikwama, n'kundikana momwetulira. Sanalawe ngakhale ntchafu.

Bambo aja anandinong'oneza kuti, "Tsekani, tikadyera kunyumba."

Ndinayala chitenje n'kukhala pansi. "Bambo, ndapirira mokwanira. Ine sinditsika nacho. Sankhani, pamutu kapena m'mimba?"

Anadya mbale zitatu, chotsalacho n'kusenza okha mpaka kugalimoto, akubuula njira yonse.

Azimayi anzanga, musanaphikire gulu la kuno, muzifunsa kaye kuti adzasenza ndani.