Anasowa Wowasambitsa ku Lungwena

Sendererani kuno, abale ndi alongo. Mawu anga safika patali masiku ano. Inu amayi a kumbuyoko, kokani mkeka wanuwo. Eya, choncho. Mtendere wa Ambuye ukhale nanu.

Ambiri mumandiona nditakhala pakona apo, mumangoti agogo a kutsidya aja. Ndine amene. Dzina langa ndi Esitere, kwathu ndi kufupi ndi Makokola. Amuna anga a Lemisoni ndiwo a kuno ku Lungwena. Anawoloka nyanja ali mnyamata kukakhala pa chikamwini kwathu, ndipo tinakalambira limodzi komweko. Anali munthu wa mawu, abale. Akakuwa padoko, okoka ukonde onse ankamva. Iwo kunyanja, ine kuyanika usipa pathandala. Olemera sitinali, koma ndi njala sitinkagona.

Tsiku lina m'mawa akusoka ukonde pansi pa mtengo wa mango, anangopendekeka ngati thumba. Ndinkayesa nthabwala. Ndinati, "Bambo, dzukani, anthu akuonani." Kuwayang'ana, pakamwa papotoka. Dzanja lamanja lili lende. Mawu onse aja, zii.

Kuchipatala anatithandiza ndithu, koma pomaliza anati ndi sitiroko, pitani nawoni kunyumba. Ndinafunsa, "Adzayendanso?" Namwino anangondigwira paphewa.

Ana athu aamuna ali ku Joni. Wamkazi tinamuika kale. Ndinatsala ndekha ndi mwamuna wosatembenuka yekha. Ndinapemphera, abale. Ndinati Ambuye, adzutseni. Sanadzuke. Ambuye, alankhule. Sanalankhule. Thandala langa linagwa, sindinalidzutse.

Zazikulu zitakana, maso anga anayamba kutola tating'ono. Sindinachite kuganiza ayi, zinangobwera. Tsiku lina ntchentche inatera pamphuno pawo, iwo n'kupukusa mutu, ntchentche n'kuthawa. Ndinaomba m'manja ndekha m'nyumba! Ndinati, "Bambo, lero mwaigonjetsa ntchentche." Tsiku lina phala linatsika lonse osatayikira pachibwano. Tsiku linanso ndinaiwala nsinjiro m'phalamo, anandiyang'ana ndi diso loipa lija ankandiyang'ana nalo kale. Ndinati zikomo Yesu, amuna anga andikwiyira! Alimo m'thupimu, sanachoke!

Kenaka kunabwera alamu anga, Abiti Saidi, mlongo wa amuna angawo, ali ndi ankhoswe. Titapatsana moni, anati, "Alamu, mwayesetsa, tikuthokoza. Koma mwambo mukuudziwa. Mwamuna akadwala chonchi amabwerera kwa abale ake. Tabwera kudzatenga munthu wathu."

Ndinati, "Akupezatu bwino, alamu. Dzana anathamangitsa ntchentche okha."

Anaseka, koma misozi ili m'maso. "Ntchentche, alamu? Tidikire mpaka afere kuno chifukwa cha ntchentche?"

Ndinayang'ana achimwene anga kuti andilankhulire. Iwo anangoti, "Esitere, akunena zoona. Asiye apite. Iwe munda wako uli pano, manda a amayi ali pano."

Ndikanatani? Ndiuzeni, abale, ndikanatani? Anawanyamula pachitseko mpaka padoko, n'kuwagoneka m'boti. Ndinalowa m'madzi mpaka m'mawondo nditagwira m'mphepete mwa botilo. Injini italira, wina anachotsa zala zanga. Amuna anga sakanatha ngakhale kucheuka.

Pamenepo ndiye panali pothera panga. Ndinkadzuka n'kuphika phala, litapsa ndiye ndikumbuke kuti wolidya palibe. Ndinkafuna kanthu koti ndithokoze nako, osakapeza. Tsiku lina ndinathokoza kuti nkhuku yaikira dzira, kenaka ndinakhala pansi n'kulira dziralo lili m'manja. Kutchalitchi ndinkangotsegula pakamwa, nyimbo osatuluka. Anzanga ankati limba mtima. Ndiulimbitse ndi chiyani?

Patapita masabata, ndinangoona Abiti Saidi akulowa pabwalo okhaokha, opanda ankhoswe. Ndinawafunsa asanakhale n'komwe pansi.

"Amwalira?"

"Ayi, alamu. Koma sakudya. Atseka pakamwa, akuluma mano."

Anakhala pakhonde, n'kuyang'ana uku ndi uku, mawu n'kutsitsa. "Alamu, ine ndi mlongo wawo. Ndingawavule bwanji? Ndingawasambitse bwanji achimwene anga obadwa nawo bere limodzi? Anyamata anga onse ali ku Joni ngati anuwo. Ndinapempha bambo woyandikana nafe, anabwera kangapo, kenaka anayamba kundizemba. Ine ndimangowapukuta kumaso ndi kumapazi. Akadziipitsira, amatembenuzira maso kukhoma. Ponyamula paja sitinaganize zimenezi. Tonsefe, palibe anaganiza."

Ndinati, "Ndiye abwezeni."

"Nyanja sangaiwolokenso, alamu. Afera m'boti."

Ndinalowa m'nyumba, ndinamanga zitenje zanga ndi beseni. Achimwene anandipeza pakhomo.

"Nkhalamba ngati iwe ukupita ku chitengwa? Anthu akuseka!"

Ndinati, "Aseke. Mundawo muzilima."

Zimene ndinapeza kuno, abale, sindinganene zonse m'nyumba ya Mulungu. Fungo linandilandirira pakhomo. Munthu uja atatha, kumsana kuli mabala. Ndinauza onse kuti atuluke. Ndinatenthetsa madzi, ndinatseka chitseko. Ndinati, "Bambo, ndi ine. Palibe wina muno." Ndinawasambitsa pang'onopang'ono, monga ndinkasambitsira ana athu. Misozi inkatsika diso limodzi lokha, lamanzere. Nditawaveka zoyera, ndinaitanitsa phala. Ndinaika supuni pamlomo. Ndinadikira. Ndinadikira. Anatsegula pakamwa!

Alamu anali pazenera. Ndinangomva akuti, "Alhamdulillah," ine ndikuti, "Aleluya." Anadya pang'ono pokha, koma anadya.

Musafulumire kululuta, amayi. Sindinabwere kudzanena kuti anachira. Sanachire. Ndimapemphabe kuti adzuke, ndipo yankho silinabwere. Masiku ena msana wanga umakana kuwatembenuza, tonse awiri timangoyang'anana. Masiku ena ndimalakalaka kwathu mpaka chakudya osalowa. Koma ndikuthokoza Ambuye kuti manja awa akadagwirabe. Ndikuthokoza kuti sanapite ali ndi manyazi, atayang'ana kukhoma. Ndikuthokozanso inu amene munandisunthira malo pabenchi, mlendo wokalamba ngati ine.

Achimwene anga akulima munda uja, chaka chino ananditumizira mbatata. Nyumba yanga akuti denga layamba kudontha, sindikudziwa ngati ndidzagonamonso. Ana a ku Joni amaimba foni, amati tibwera, tibwera. Abiti Saidi ndiwo amanditungira madzi tsiku ndi tsiku. Timakangana za mchere, amati ife a kutsidya timathira ngati tikufutsa nsomba, koma madzulo timadyera mbale imodzi.

A Lemisoni sayenda, salankhula. Mabala a kumsana anapola, latsala limodzi la pachiuno. Sabata yathayi ndikuwasambitsa, analanda sopo ndi dzanja lamanzere n'kudzipaka okha pachifuwa. Sopoyo anapulumuka n'kugwera pansi. Ndinamutola, ndinawapatsanso.

Ambuye alemekezeke. Tsono mundikhululukire, nyimbo yotsekera sindiidikira. Madzi awo ndinawasiya padzuwa, pano afunda.