Tsiku Limene Fransisko Anakhala Pansi

Zaka zimenezo sitima inali ikuyendabe kuchoka ku Limbe kutsikira kwathu ku Nsanje, ndipo Bangwe yense mukumuonayu anali nyumba zowerengeka pakati pa minda ya chimanga, moti ukaima pakhomo panga pano unkamuona mnzako akutsika basi kumsewu uko. Ine ndinali telala, makina anga ali pakhonde la sitolo ya Che Saidi pafupi ndi msika. Iwe Yohane, ika foniyo m'thumba, mdzukulu wanga. Inunso mayi a Pemphero, siyani mbalezo, sizithawa, bwerani mukhale pafupi ndi amuna anu, kapena pafupi ndi ine amuna anu enieni. Ndamva kuti Loweruka mukumukweza Pemphero basi kuti azikakhala kwa azakhali kumudzi, poti kusukulu atopa naye ndipo mapiritsi a adokotala akukuyambanitsani m'nyumba. Musanamulongedzere chikwama, ndikuuzeni za bambo ako, Yohane, amene iwe unangomva kuti anali munthu wa mowa.

Bambo akowo, Fransisko, anabadwa wojijirika. Anayamba kuthamanga asanadziwe bwino kuyenda, ndipo ukamutuma mchere kumsika ankabwera ndi mwana wa mphaka, mchere ataiwala, ndalama ili m'manja. Ku Misa ya Lamulungu agogo ako aakazi ankakhala naye kumapeto kwenikweni pafupi ndi chitseko, chifukwa ansembe akangoyamba ulaliki iye amakhala atalowa kale pansi pa mabenchi, akukoka nsapato za anthu. Kusukulu nkhani inali yomweyo. Aphunzitsi ankati mwanayu mutu ulipo, akamva chinthu kamodzi wachigwira, koma kuti amve kamodziko ndiye inali ntchito, poti maso ali pawindo, miyendo ikugwedeza desiki, ndipo kope limene wagula Lolemba pofika Lachitatu silikudziwika komwe lili.

Lero mwana wotere mumapita naye kuchipatala, adokotala amakhala nanu pansi, amakufunsani mafunso, n'kukuuzani dzina la vutolo, ADHD, kuti ubongo wake umavutika kugwira chinthu chimodzi. Nthawi yathu dzina linali limodzi basi: mwana wosamva. Ndipo mankhwala a mwana wosamva aliyense ankawadziwa, anali mu mtengo uliwonse wa m'mbali mwa njira. Ndinamukwapula mwana uja, sindikubisirani. Ankalira n'kumalonjeza kuti sadzabwerezanso, ndipo ine ndikhulupirira ankanena zoona, koma misozi isanaume anali atakwera kale pamwamba pa denga la khitchini.

Musaganize kuti tinangogwira ndodo yokha. Tinayesa zonse zimene anthu anatiuza. Agogo ako anamumwetsa madzi odalitsidwa ndi kumuveka kolona m'khosi. Mlamu wanga anatitengera kwa sing'anga wina ku Machinjiri, mozemba kuti a mphakati wathu wa kutchalitchi asamve, ndipo kumeneko anamutemera mphini pamphumi ndi m'mapazi, akuti kuti miyendo izizire. Tinasiya nkhuku kumeneko, miyendo sinazizire. Pamapeto pake ine ndinapeza nzeru yangayanga, imene ndimachita nayo manyazi mpaka lero. Akaweruka kusukulu ndinkamumanga mwendo ndi chidutswa cha nsalu kumwendo wa makina anga, kuti akhale pomwe ndikumuona. Anthu odzasoketsa ankaseka, akuti a telala aweta mbuzi pakhonde, inenso ndinkaseka nawo. Che Saidi okha ndi amene sankaseka. Tsiku lina anandiuza motsitsa mawu kuti, "Achimwene, m'masuleni mwanayo azindithandiza kusanja sopo." Ine ndinawayankha kuti akugwetserani sitolo yonse, ndipo nkhani inathera pomwepo.

Ndinu ana, simungadziwe mmene ntchito ya utelala imamupangira munthu. Ine ndinakhala pampando umodzi kuyambira m'mawa mpaka dzuwa kupendeka kwa zaka zoposa makumi anayi, ndipo kwa ine munthu wabwino anali munthu wokhazikika. Ndiye Mulungu anandipatsa mwana wosatha kukhala pansi, ndipo ine ndinaona ngati akundinyoza dala.

Tsono linafika tsiku lija. Inali sabata ya Khirisimasi, Fransisko ali ndi zaka zisanu ndi zinayi, ndipo ndinali ndi madiresi a ukwati wa Loweruka, la mkwatibwi ndi a operekeza ake. Makina anali atayamba kudula ulusi ndi kulira mwachilendo. Ndinauyamba wa ku Limbe kukafuna munthu wokonza, ndipo chifukwa cha phuma ndinaiwala kumumanga. Wokonzayo sindinamupeze msanga, ndinabwera naye dzuwa litapendeka. Ndikufika pakhonde ndinapeza makina anga ali mbwee, ataphwasulidwa, Fransisko atakhala pansi atapinda miyendo, atayala chitenje cha kasitomala, ndipo pachitenjepo atandandalika tizitsulo tonse m'mizere. Sanandimve n'komwe ndikufika. Che Saidi anati wakhala pomwepo chichokere ine, sanadzuke ngakhale kukamwa madzi.

Ine sindinaone zimenezo. Ndinaona ukwati wa eni ake, ndinaona manyazi anga. Ndinamenya chitenje chija ndi phazi, tizitsulo tinamwazikira m'ngalande, ndipo ndinamukwapula pamaso pa msika wonse mpaka amayi ogulitsa tomato anabwera kudzandigwira dzanja. Iye ankangoti, "Bambo, muli ulusi m'katimo, ndimachotsa ulusi." Wokonza uja anatola tizitsulo mwakachetechete, ndipo atatsegula pansi pa makina anatulutsa chimpira cha ulusi ndi fumbi chimene chinatsala, n'kundifunsa kuti anamuphunzitsa ndani mwanayu kumasula motsatana chonchi. Ndinamuuza kuti agwire ntchito imene ndamuitanira.

Khirisimasi itangodutsa ndinamukweza sitima kupita kwa mkulu wanga ku Nsanje, munthu wodziwika ndi mkono wolemera, kuti akamuwongole. Agogo ako anagwada pansi kundipempha, ine osamva. Pa siteshoni mwana uja sanalire, ankangofunsa kuti sitima imayenda bwanji popanda chiwongolero, ndipo ine ndinamuuza kuti atseke pakamwa. Amenewo ndiwo mawu amene ndinatsanzikana naye.

Panapita zaka ziwiri ndisanapiteko. Nditafika ndinapeza mnyamata wofatsa, woonda, akuchokera kobusa mbuzi. Anagwada patali, anandilonjera m'Chisena maso ali pansi, ndipo anakhala pamenepo osagwedezeka mpaka mkulu wanga anamuuza kuti achoke. Mukudziwa chimene ndinachita? Ndinakondwera. Ndinamuthokoza mkulu wanga, ndinabwerera kuno kudzauza agogo ako kuti mwana wachira. Iwo anangondifunsa kuti, "Waseka?" Ndinaganiza njira yonse ya ulendo uja, ndipo sindinakumbuke kuti anaseka.

Anabwerera ku Blantyre ali ndi ndevu, sukulu atasiyira panjira. Anagwirapo ya ukondakitala, ya ugalaji, ya ulonda, koma paliponse miyezi itatu inayi wayambana ndi abwana kapena waiwala chinthu chachikulu, ndipo pang'onopang'ono kachasu anamutenga, poti ankati akamwa m'mutu mumakhala bata. Sanandinyozepo ngakhale tsiku limodzi. Koma kuyambira pamene anabwera mpaka matenda anamutenga iwe uli ndi zaka zinayi, sananditchulenso kuti bambo. Ankanditchula kuti a telala, monga ankachitira makasitomala. Ndakhala nacho chinthu chimenechi pamtima zaka zonsezi, ndipo chimandipweteka lero monga chinkandipwetekera pa maliro ake.

Tsono za mapiritsi anuwa. Ine si dokotala, ndipo sindinama kuti ndikudziwa chimene chili m'katimo. Mayi a Pemphero, inu mukuti chiyambire kumwa, mwana analemba tsamba lathunthu koyamba ndipo aphunzitsi anamuyamikira. Ndakumvani, ndipo misozi imene munali nayo ponena zija ndaiona. Iwe Yohane ukuti masana sakudya, akuchedwa kugona, ndipo madzulo ena amangokhala duu ngati si mwana wako, ndiye ukuopa kuti akumugoneka ndi mankhwala, komanso anzako kuntchito akuti amenewo ndi mapiritsi a anthu amisala. Za anzakozo zisiye, si iwo anabereka Pemphero. Koma mantha akowo sindikuwapeputsa, chifukwa ine ndi amene ndinaonapo mwana ali duu n'kuyesa kuti wachira. Kungoti zii kwa mwana si umboni wa chilichonse, kaya kwabwera ndi ndodo kaya ndi botolo la kuchipatala.

Chimene muli nacho inu, chimene ife tinalibe, ndi munthu woti n'kubwererako kukamufunsa. Pitani nonse awiri kwa adokotala aja, osati mayi okha monga mwakhala mukuchitira, ukawauze wekha za kudya ndi za tulo. Mwina akachepetsa, mwina akasintha, mwina akakuuzani kuti muyambe mwayesa njira zina, ndipo zimenezo mukagwirizane konko, osati kumabisirana botolo m'nyumba. Mpira umene amaukonda uja musamuletse ngati chilango, muzimusiya athamange mpaka atope. Kapempheni aphunzitsi amukhazike kutsogolo. Mukamamutuma, muzimutuma chinthu chimodzi, mukumuyang'ana m'maso. Kupemphera pempherani, inenso ndimamupempherera m'mawa uliwonse, koma musalole munthu aliyense amuuze kuti ali ndi ziwanda, kapena amuyandikire ndi lezala.

Mukatopa, ndipo mudzatopa ndithu, mubwere naye kuno masana a Loweruka mukapumeko. Koma basi ya kumudzi ija ayi, ana anga. Azakhali ako ndi munthu wabwino, sangamukhudze n'chala, koma mwana wa zaka zisanu ndi zitatu samva zoti akupita kukathandizidwa. Iye amamva kuti kwawo amukana.

Ndipo pali chinthu chimodzi chimene nonse awiri simunachite, ndakhala ndikumvetsera mkangano wanu mwezi wonse. Mwafunsa adokotala, mwafunsa aphunzitsi, mwafunsa a mphakati, mwafunsa ngakhale foni, koma mwini wake simunamufunse kuti akamwa mapiritsi aja amamva bwanji m'mutu ndi m'mimba, ndipo asanamwe zimakhala bwanji. Ndi wamng'ono, inde, ndipo chigamulo ndi chanu, koma pakamwa ali napo. Ine wanga ndinakhala naye zaka makumi atatu pa dziko lino, sindinamufunsepo funso limodzi, ndipo tsopano ndilibe komufunsira. Wanu ndi uyo ali mu mtengo wa mapeyala apoyo. Dzuka Yohane, kamuitane, ndipo akamayankha usamudule mawu.