Ndinabisira Boma Mimba

Moni nonse okondedwa mwa Ambuye, a ku Leeds, a ku Hull ndi anzanga a kuno ku Sheffield. Ambiri mumandiona kutchalitchi ndikukankha kangolo ka mwana, amuna anga ali pambuyo ndi chikwama cha matewera, n'kumati banja ili zake zinayenda. Lero ndikufuna ndikuuzeni mmene Mulungu anandipulumutsira pa nkhani ya viza ya amunawa, chifukwa panatsala pang'ono kuti ndikachire ndekhandekha m'dziko la eni.

Ine ndinabwera kuno kudzaphunzira, kenaka ndinapeza ntchito mu labu ya chipatala, mapepala anga okhalira n'kutuluka. Zitakhazikika ndinapita kwathu ku Dedza kukamanga ukwati ndi a Limbani, amene anandidikira zaka zonsezo. Ndinabwerera kuno, iwo n'kupereka pempho la viza ku Lilongwe kuti anditsatire. Tinauzidwa kuti yankho limatenga miyezi ingapo, ndipo sindinade nkhawa. Sindinadziwe kuti m'ndege muja ndinakwera ndili ndi pakati.

Nditawanong'oneza amayi pa foni, anandipatsa lamulo lomwe nonse mukulidziwa. "Iwe, pakati salengeza. Usauze munthu, makamaka tsiku lochira. Anthu ali ndi maso." Ndinamvera. Mwamwayi inali nyengo yozizira, ndiye ndinagula chijekete chachikulu ngati tenti. Azimayi a kutchalitchi ankaona bwinobwino, si akhungu ayi, koma nawonso analeredwa kwathu konkuja. Ankangoti, "Koma tchipisi cha kuno chakuyanjani," n'kundipatsa mpando wa khushoni.

Miyezi ija inakwana, n'kupitirira, yankho zii. Ndinkatsegula imelo podzuka, m'tramu, kasitima ka m'tauni kaja, ngakhale pakati pa ulaliki, Mulungu andikhululukire. Kumudzi nako zinali zomvetsa chisoni. A Limbani anali atatsanzika kale kutchalitchi kwawo, anawapempherera, mbuzi inafa. Tsopano anthu akakumana nawo pamsika ankawafunsa kuti, "Ah, mwabwerako kale ku Mangalande? Kunali bwanji?" Amuna anga anayamba kudzera njira za kuseri.

Kenaka kusikelo dokotala anandiuza kuti mwana wakhala moti sindingachire mwachibadwa. Pafunika opaleshoni, ndipo pambuyo pake kwa masabata angapo sindidzaloledwa kunyamula kanthu kolemera. Abale, ine ndimakhala m'chipinda cham'mwamba, nyumba yake pamwamba pa chitunda, ndipo zitunda za Sheffield mukuzidziwa. Apa nthabwala zinatha. Ndinachita mantha enieni, ndinaganiza kuti zikakavuta kuchipatalako palibe ngakhale wanga mmodzi wodzaima pambali panga.

Mnzanga wina anandiuza kuti munthu ukhoza kupempha a ofesi ya maviza kuti afulumize ngati pali chifukwa chachikulu. Ndinawafunsa amayi ngati ndingatchule za pakatipo. Anakuwa pa foni. "Ukufuna boma lonse la azungu lidziwe tsiku lako? Boma nalonso ndi anthu!"

Choncho ndinalemba imelo yaulemu zedi. Ndinawapatsa moni akuluakuluwo, ndinafunsa za mabanja awo, ndinathokoza chifukwa chondisunga bwino m'dziko mwawo. Ndinafotokoza kuti ndasungulumwa, kuno kukuzizira, ndipo a Limbani ndi munthu wabwino, samwa, sasuta. Za mwana ndinangoti phee. Yankho linabwera lalifupi: sanaone chifukwa chofulumizira, ndidikire pamzere ngati aliyense. Ndinapsa mtima! Ndinati anthu awa ngouma mitima, munthu kuwalembera mwaulemu chonchija.

Mlungu umenewo ndinasiya mapemphero aatali. M'tramu ndinkangogwira chijekete chija n'kunena kuti, "Ambuye, Inu mukudziwa chomwe chili m'katimu. Chitanipo kanthu."

Thandizo linadzera kwa mzamba wa kusikelo, mayi wachizungu wachikulire, wa mawu aakulu ngati kondakitala. Akundipima anandifunsa kuti tsiku la opaleshoni ndidzabwera ndi ndani. Ndinayesa kumwetulira, koma misozi inanditsogolera. Ndinawafotokozera zonse, n'kuwaonetsa imelo ija pa foni kuti aone nkhanza za boma lawo. Anawerenga mpaka pansi, anabwereranso pamwamba, kenaka anavula magalasi.

"Mwana ali pati apa?"

Ndinati kwathu zimenezi sitinena.

"Ndiye iwowo adziwa bwanji, mwana wanga? Alote?"

Ndinayankha kuti Mulungu akudziwa. Iwo anati, "Akudziwadi. Koma amene amawerenga maimelowa si Iyeyo."

Ndinaseka ndikulira, mamina ali mbwee. Tsiku lomwelo anakapeza dokotala kuti alembe umboni wa chipatala, ndipo anaima pamsana panga ndikulemba pempho lina. Mzere woyamba mimba, wachiwiri tsiku, wachitatu opaleshoni. Ndinkamva ngati ndikuvula pamsika. Nditayamba kulemba moni anagwira dzanja langa n'kupukusa mutu. Imelo inapita choncho, yopanda ngakhale "muli bwanji". Madzulo ndinawaululira amayi zomwe ndachita. Iwo anati, "Chabwino. Koma uwauze a bomawo asakauze ena."

Sipanapite nthawi, a Limbani anaimba foni akukuwa moti ndinayesa kwagwa maliro. Viza yatuluka! Anafika kuno opaleshoni itatsala masiku owerengeka, milomo ili gwegwegwe ndi chisanu.

Tsiku la opaleshoni anamwino anawabweretsera chovala chobiriwira, kansalu ka pakamwa ndi kachisoti kuti alowe nane. Bambo anabwerera m'mbuyo, akuti kwathu mwamuna safika kochirira, adikira panja. Ndinawagwira malaya. "Bambo, ine ndaulula mimba ku boma kuti inu mudzakhale pakhonde? Valani." Anavala, kachisotiko kali kokhota.

Mwana atalira, ine manja anali olefuka ndi mankhwala, sindikanatha kumunyamula. Anamwino anamupereka kwa bambo ake. A Limbani anamubweretsa patsaya langa, misozi itanyowetsa kansalu ka pakamwa, n'kunena kuti, "Mayi, ndi wamkazi. Tili pano tonse."

Ndikuthokoza Mulungu amene anamva kapemphero kanga ka m'tramu, ndikuthokozanso mzamba uja amene anandilalatira mwachikondi. Inu amene mukudikirabe amuna anu, akazi anu kapena ana anu, ndikudziwa mmene mtima umawawira foni ikangokhala duu. Musafooke, pempherani, koma chonde ngati pali vuto lenileni linenani poyera ndipo mupereke umboni wake. Ine ndikanapitiriza kubisa, mwana wanga akanayamba kunyamulidwa ndi alendo, bambo ake akudzera njira za kuseri ku Dedza. Ambuye akudalitseni nonse.