Malipenga Anaima Chifukwa cha Ine

Omvera anzanga, m'chilimwe china bandi ya malipenga yochokera ku Zomba inabwera kudzaimba ulere pabwalo lathu ku Domasi. Ndinapita ndi apongozi anga ndili woyembekezera, masiku asanakwane. Nyimbo zili m'kati, msana unayamba kundidula. Ndinakumbukira kuti mimba yoyamba ndinapita padera.

"Amayi, zayambanso," ndinawanong'oneza.

Apongozi anathamangira kutsogolo n'kugwira mkono wa woimbitsa bandiyo. "Bambo, imani! Tithandizeni galimoto!"

Malipenga onse anati zii. Oimbawo anandikweza pa lole yawo, ine ndikulira njira yonse chifukwa mwana anali atasiya kugunda. Kuchipatala anabadwa wochepetsetsa, osalira. Anamwino anamusisita, ine ndikungoyang'ana kudenga, kuopa kufunsa. Kenako ndinamva kamawu kosasa.

"Mayi, tembenukani mumuone mtsikana wanu."